Wachitatu pa Mndandanda wa Odikira

Makina ofinyira zipatso za asayi anali akulira pakhonde la a Osvaldino ku Belém pamene mwana wawo Taiane anatulukira, foni ili m'manja. Zotsatira za maphunziro a udokotala ku yunivesite ya boma zinali zitatuluka. Dzina lake silinali pakati pa osankhidwa, koma pa mndandanda wa odikira linali lachitatu, ndipo malo otsala anali awiri.

A Osvaldino anazimitsa makina, makasitomala ali chiimire ndi mbale zawo.

"Wachitatu, pa chinamtindi chonsecho? Amayi ake Taiane, tulukani mudzaone dokotala!"

Mayi Zuleide anatuluka akupukuta manja. Anamukumbatira mwana wawo, kenako anati, "Kudikira n'kudikira, abambo ake. Lolemba akaitana mayina m'holo ya ku yunivesite. Woyamba ndi wachiwiri akakayankha, ife tibwerako chimanjamanja."

Taiane anali ndi malo ena ogwirika kale, a unamwino, pa koleji ina. Chofunika chinali kukapereka mapepala pofika Lachisanu madzulo, apo ayi malowo apita kwa wina. Mayi ake anati akalembetse, za Lolemba zikayenda adzawasiye. Koma a Osvaldino anali atamva zina padoko pomwe ankagula zipatso za asayi m'mamawa. Woyendetsa boti wina anawalumbirira kuti woyamba pa mndandanda, Ivanildo wa ku chilumba cha Marajó, anakhozanso ku yunivesite ina ku São Paulo ndipo anali atanyamuka kale.

"Akachoka mmodzi pa atatu, otsala ndi angati? Nanga malo ndi angati?" anatero akutambasula zala zofiirira ndi asayi. "Mwana wanga asakagwire ntchito yonyamulira madokotala mabeseni pomwe dokotala ndi iyeyo. Lachisanu ndi phwando."

"Mwaphunzira liti masamu a m'boti?" anafunsa mayi Zuleide. Funsolo linamira m'kuseka kwa makasitomala.

A Osvaldino sanali munthu wouma mtima. Zaka makumi awiri anaima pa makina aja kuti mwana asadzaimepo, ndipo chimwemwe chikasefukira m'munthu wotero, makutu ndiwo amayamba kumira.

Lachisanu msewu wonse unadzuka. Pakhomo panakolekedwa nsalu yaikulu yolembedwa kuti MUNO MULI DOKOTALA. Popeza analibe mwana wamwamuna woti amumete mpala monga amachitira okhoza mayeso, a Osvaldino anakhala pampando n'kumetetsa mutu wawo womwe. Monga mwa mwambo wa kumeneko, mazira anasweka pamutu pa Taiane, ufa unamuyeretsa mpaka nsidze, azakhali ake anam'mangirira duwa la nyuzipepala kutsitsi. Anazungulira naye misewu itatu akuimba ziwaya, makombola akuphulika, oyendetsa mabasi akuliza mahutala.

Nthawi itakwana 3 koloko, mayi Zuleide anam'gwira mkono Taiane, envulopu ya mapepala ili kukhwapa. "Tiye, mwanawe. Basi imodzi yokha, tifika asanatseke."

Taiane anayang'ana envulopu, anayang'ananso bambo ake akuvina ndi mpala wonyezimira. "Ababa, ndingopita kukasiya..."

"Ndi mutu wa chitumbuwa umenewo?" anakuwa azakhali, n'kumuswera dzira lina. Anthu anafa nalo phwete, ndipo nayenso anaseka. Kunena zoona, dzina loti dokotala linali litayamba kum'komera. Envulopu inabwerera m'kabati.

Lolemba masana holo inadzaza. Kunja mvula inali ikukhuthuka monga mwa masiku onse. Mayi woitana mayina, atakhala pa tebulo kutsogolo, anafotokoza lamulo: dzina liitanidwa katatu, wosayankha wataya malo, ndipo apita kwa wotsatira.

"Ivanildo Pantoja."

Holo inangoti zii. A Osvaldino anafinya dzanja la mkazi wawo.

"Ivanildo Pantoja."

"Mwamva, amayi ake? Ali ku São Paulo ameneyo," ananong'ona, atadzuka kale theka pampando, wezulo ali pamlomo. Taiane anatseka maso.

"Ivanildo Pan..."

"Ndilipo!"

Pakhomo panaima mnyamata wonyowa mpaka mafupa, nsapato zili m'manja, mapepala atawakulunga m'pulasitiki pachifuwa. Boti lake linachedwa ndi mafunde. Ku São Paulo anakhozadi, koma sanafune kusiya mayi ake odwala kutali chotero. Wachiwiri pa mndandanda anayankha asanamalize n'komwe kum'tchula. Mayi wa pa tebulo anatseka faelo, nathokoza onse amene anabwera.

Atafika kunyumba, a Osvaldino anakwera pampando kumasula nsalu ija okha, mvula ikuwamenya pampala. Anaipinda bwinobwino, n'kukaima nayo pamaso pa mwana wawo.

"Isungeni, Ababa," anatero Taiane, tsitsi likadanunkha mazira. "Mawa ndiyambiranso kuwerenga. Koma chaka chamawa muitulutse ine nditasaina."

Mayi Zuleide sananene kuti ndinanena. Anangotenga nsaluyo n'kuiika m'kabati, pamwamba pa envulopu ya unamwino imene tsopano inalibe ntchito. M'mawa mwake makina analiranso, Taiane ali pambali ndi buku, a Osvaldino atavala chipewa mpaka m'makutu. Linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.