Chipeso cha ku Dambo la Tsangadzi

Makolo a anthu a kwa Msonthe sanabadwire m'mapiri momwe zidzukulu zawo zikukhala lero. Akuluakulu amati anachokera kuchigwa chotentha cha kum'mawa, kuthawa nkhondo zogwira akapolo, ndipo anayenda miyezi iwiri akukusa ng'ombe khumi ndi zinayi kufikira anapeza dambo lalikulu la Tsangadzi, lomwe udzu wake unkabisa munthu wamtali. Amene anatsogolera ulendowo anali mayi wotchedwa Kwasakwasa pamodzi ndi mlongo wake Msonthe. Kwasakwasa anabala Ndatola, ndipo Ndatola anabala ana aakazi awiri, wamkulu Mwandida ndi wamng'ono Sikudziwa. Mbiri ino ndi ya Mwandida, amene onse ankamuitana ndi dzina la mfunda wake, Nankhoma.

Nankhoma anakwatiwa ndi Chagunda wa kwa a Mbewe, mwana wa mmisiri wosula makasu, ndipo Chagundayo anabwera kudzakhala pachikamwini. Sanathe chaka ali limodzi. Chagunda anatsata anzake opita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Halale, nasiya mkazi wake ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo nthawi itakwana mwanayo anabadwa wakufa.

Tsono mwambo wa masiku amenewo unali wouma mtima, tisabise. Mwana wotere ankatchedwa nthayo, ndipo sankamulira, sankamupatsa dzina, sankapita naye kumanda a anthu. Amayi okhaokha ankamunyamula m'mamawa kupita naye kumunsi kwa dambo, kumene nthaka ndi yozizira, nakumba kadzenje kosaya kofika m'chigongono, nkuvundikira phale pamwamba. Mwamuna aliyense, ngakhale bambo wa mwanayo, sankaloledwa kudziwa malowo. A Namwale, namkungwi wa mudziwo, anamugwira dzanja Nankhoma pobwerera namuuza kuti: "Mwana wanga, pamene tamugoneka paja pasadzakhudzidwe, ndipo pakamwa pako pasadzatchule malowo kwa mwamuna. Zikadzatero, mimba yako idzatsekeka mpaka kalekale."

Nankhoma anasunga mawuwo zaka zisanu ndi chimodzi, akudikira mwamuna wake kuti Chauta amupatse mwana wina. Ankafunitsitsa mwana wamkazi, pakuti iye ndiye anali wamkulu, ndipo mbumba ya Kwasakwasa inayenera kudzera mwa iye.

Chagunda anabwera m'mwezi wa masika a chaka cha mvula yochepa, ndipo sanabwere yekha. Anali akukoka kavalo wokalamba wofiira amene mzungu wake anam'patsa posiyana, nyama imene anthu a kwa Msonthe anali asanaionepo. Kavaloyo anasambira Zambezi ng'ona zikungomuyang'ana, nadutsa nkhalango za kashembe osadwala ngakhale tsiku limodzi. Atapumula, Chagunda anafunsa za mwana, ndipo anangouzidwa kuti mphatso ija inapita padera. Anafunsanso mkazi wake ngati anali wamwamuna kapena wamkazi, koma Nankhoma anangoyang'ana pansi.

Chaka chimenecho khola la mudzi linali pa mavuto. Chilimwe chilichonse lupsa linkanyambita dambo lonse, ng'ombe nkumadya phulusa ndi makungwa mpaka mvula itagwa, koma tsopano zinali zowonda kale chilimwe chisanayambe nkomwe. Chagunda anasonkhanitsa amuna nawauza zimene anaona kuchilendo: kumeneko udzu amaumweta ukadali ndi mphamvu, nauyanika, nausonkhanitsa ndi makina okokedwa ndi kavalo, nauunjika milu ikuluikulu yodyetsa ng'ombe chilimwe chonse. Kumweta ndi zenga anthu akanatha, koma kuwola udzu wa dambo lonse ndi manja moto usanafike sikukanatheka. Amunawo anavomera, nati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Anamanga chipala pansi pa mtengo wa msuku, ndipo mudzi wonse unabweretsa makasu akutha ndi nkhwangwa zobuntha. Anasema mawilo awiri aatali ofika m'chiuno, nawalumikiza ndi mtanda wa muwanga wotalika mikono isanu ndi umodzi. Kutsogolo anaika mitengo iwiri yoongoka yomangirira kavalo, pamwamba kampando, ndipo kumbuyo kwa mtandawo anakhomera mano achitsulo makumi awiri, okhota ngati nthiti za ng'ombe, nsonga zake zikuloza pansi. Pambali pa kampando panali mpini wautali. Udzu ukadzaza m'mimba mwa manowo, woyendetsa ankakoka mpiniwo, mano onse nkunyamuka pamodzi kusiya udzu mumzere, kenaka nkugwanso pansi. Chinthu chimodzi chokha chinamusowa Chagunda. Mano a makina a ku Halale anali a chitsulo chofewa msana, chopindika chikagunda mwala nkubwereranso, pamene chitsulo cha makasu nchouma khosi. Chagunda sanadandaule nazo, anangowakhomera zolimba kuti asagwedezeke.

Tsiku loyesa, kumtunda kwa dambo, ntchito ya amayi makumi atatu inatha dzuwa lisanafike pamutu. Anthu analulutira, ndipo mayi wina anati: "Taonani, a Mbewe akupesa dambo!" Dzina linagwira pomwepo, makinawo nakhala Chipeso. Nankhoma yekha sanalulutire. Iye ankayenda pambuyo akuyang'ana pansi, ndipo anaona kuti paliponse pamene nthaka yatukuka, pa kachulu kapena pa mfuko, manowo sankalambalala koma ankang'amba dothi nkulitembenuza. Mtima wake unagwa, pakuti udzu wabwino koposa unali kumunsi kwa dambo, ndipo amuna anali atayamba kale kumweta kumeneko.

Nankhoma anathamangira kwa a Namwale, koma namkungwiyo anati lamulo ndi lamulo, mwamuna sauzidwa, ndipo amayi ayese njira zina. Anayesadi. Ena anati kumunsi kuli matope, kavalo atitimira; Chagunda anakapondako napeza pouma. Ena anati kuli nsato. Iye anaseka nati ng'ona za Zambezi zinam'lephera. Amayi anayamba kuwola okha udzu wa kumeneko ndi manja, koma utsi wa lupsa unali utaoneka kale kuseri kwa phiri, ndipo amuna anawakalipira kuti akuchedwetsa ntchito ndi makani awo achabe.

Pamapeto Nankhoma anakagwada kuchipala, nalankhula mozungulira monga momwe akanathera. "A Mbewe, chipeso chanuchi chikukanda mutu. Chipeso chabwino chimatsata mutu momwe ulili, sichitulutsa magazi. Tamasulani manowo pang'ono musanapite kumunsi."

Apa ndiye pamene Chagunda analakwa, ndipo kunena zoona nkovuta kumuweruza. Munthu amene mudzi wonse ukumuyimbira nyimbo khutu lake limagontha. Iye anamva ngati mkazi wake akunyoza luso lake pamaso pa anzake opukusa mvukuto, ndipo anayankha kuti: "Iwe Nankhoma, za chipala unayamba liti kuzidziwa? Ndikamasula manowa agweruka. Mawa ndikumaliza kumunsi, ng'ombe za amayi ako zipulumuke."

Nankhoma anaima pamenepo akulingalira. Akanena, mimba yake itsekeka. Akapanda kunena, manda afukulidwa, mimba itsekekabe. Anasankha kukhala chete, akudalira kuti mwina manowo adutsa pambali.

M'mawa mwake kavalo anayenda bwino mizere itatu. Pofika pafupi ndi chitsamba cha katope anaima nji, nagwada maondo akutsogolo, misozi ikutsika m'maso mwake ngati munthu, ndipo onse amene analipo anaona zimenezi. Amayi anafuula kuti nyamayo yatopa, ipumule. Chagunda anayang'ana utsi kuphiri, nakwapula kavaloyo kamodzi, chinthu chimene anali asanachitepo. Kavalo anadzambatuka, mano analuma kamtumbira kobisika muudzu, ndipo panamveka kusweka kwa phale.

Nankhoma sanalire mokweza. Anayenda pang'onopang'ono, namasula nsalu yake yakumutu, nagwada kutola timafupa tating'ono ngati ta nkhunda pakati pa dothi ndi udzu. Amuna onse anatembenuka kuyang'ana kumbali, koma Chagunda anatsika pakampando osamvetsa chimene akuona. Popeza panalibenso chosunga, mkazi wake anakweza maso namuuza kuti: "A Mbewe, munkafunsa. Anali wamkazi."

Akuti Chagunda anakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa linapendeka. Amayi anakagoneka mwanayo kachiwiri, ndipo a Namwale sanamuthamangitse bamboyo, anangomuleka akuyang'ana. Chagunda atadzuka anakoka yekha Chipeso kupita nacho kuchipala, nazula mano onse makumi awiri. Dzino lililonse analisulira mphete yakeyake naliloweka pa ndodo yachitsulo, kuti lizilendewera palokha ndi kulemera kwake, likakumana ndi chotukuka lizikwera lokha nkutsikanso anzake osadziwa. Nsonga zake anazipinda pang'ono kuti zizitsetsereka pamwamba pa nthaka. Pofuna kuti mpini uja uzinyamulabe onse pamodzi, anadutsitsa kamtengo kopingasa pansi pa makosi awo. Atatha anaitana mkazi wake, navundikira chipanda pabwalo, nadutsitsapo makinawo katatu, ndipo chipandacho sichinang'aluke. Anamufunsa kuti: "Nankhoma, tsopano chikutsata mutu?" Iye anayankha kuti: "Chikutsata, a Mbewe. Mukanandifunsa dzana."

Udzu unatha kuwoledwa masiku awiri moto usanafike, ndipo chilimwe chimenecho sipanafe ng'ombe ngakhale imodzi kwa Msonthe, pamene midzi yoyandikana inkasenda zikopa tsiku ndi tsiku. Anthu ochokera kutali anabwera kudzaonera mano olendewerawo, ndipo amisiri a kumeneko anatengera luso limeneli pa zipeso zokokedwa ndi abulu ndi ng'ombe. Koma Nankhoma sanaimenso. Anapita kwa asing'anga, anamwa mizu yowawa zaka zambiri, osaphula kanthu. Abale a Chagunda anamuuza kuti akakwatire kwina, iye anakana, nakalamba pachikamwini pomwepo akusula zitsulo, wosaseka kawirikawiri. Udindo wa mbumba unapita kwa Sikudziwa, mng'ono wake wa Nankhoma, amene anabala ana asanu ndi awiri, ndipo onse a kwa Msonthe lero ndi ochokera mwa iye. Nkhani ya Nankhoma ndi yomvetsa chisoni ndithu: mayi amene anaona chimene mmisiri sanaone alibe ndi mmodzi yemwe wonyamula magazi ake.

Mboni za mbiri imeneyi zilipo. Mano asanu ndi limodzi a Chipeso, adzimbiri koma mphete zake zikuzungulirabe, amasungidwa m'nyumba ya mwini mbumba. Kumunsi kwa Tsangadzi kuli malo aang'ono ngati mphasa amene samwetedwa, ndipo lupsa likafika pamenepo limagawikana pawiri nkukakumananso patsogolo. Pothira nsembe, akulu akamatchula makolo mmodzimmodzi kuyambira kwa Kwasakwasa, pofika pa Nankhoma amaima pang'ono nkuwonjezera kuti "ndi mwana wake wamkazi", ngakhale mwambo umati nthayo satchulidwa. Dzina loti amuitane nalo alibe, koma ufa wake amamuthirira.