Nkhupakupa za kudenga kwa a Lufeyo

Ana inu, mwambi wa mkuyu uja unayambira kwa a Lufeyo Kamwendo, amene anamanga holo ya maukwati pafupi ndi mkuyu waukulu. Ukwati woyamba kulowamo unali wa mwana wawo yemwe, Takondwa, choncho ankafuna kuti chilichonse chiziwala.

Woika magetsi anali mlamu wawo, a Zakeyu. Atafika m'kanjira kotulukira anthu, anayamba kukhomera mawaya kudenga ndi tizitsulo takuda. A Lufeyo anati tizitsuloto tikuoneka ngati nkhupakupa pa ng'ombe, ndipo anatulutsa timapulasitiki toyera mbee timene anagula m'tauni.

A Zakeyu anakana. Anati pulasitiki ikamva moto imasungunuka, mawaya n'kulendewera pakhomo, anthu othawa mu utsi n'kumakodwa ngati mbalame.

"Alamu, inu mumaopa chilichonse," anatero a Lufeyo. "N'chifukwa chake simunakwatirebe."

Anagwirizana zoyesa. Anakhomera mawaya awiri pathabwa, wina ndi tizitsulo, wina ndi timapulasitiki, n'kulipachika pamkuyu. A Lufeyo anaima pansi pake, manja m'chiuno, a Zakeyu n'kumayendetsa muuni wa udzu m'munsi mwa thabwalo. Posakhalitsa timapulasitiki tinafota, waya n'kugwera m'khosi mwa a Lufeyo. Wa tizitsulo uja sanasunthe.

Azimayi amene ankapeta chimera cha thobwa chapafupi anaseka mpaka kutaya malichero.

"Ababa, mbuzi ya ukwati taipeza, ndi chingwe chake chomwe," anatero Takondwa.

Pobisa manyazi, a Lufeyo anatola nkhuyu yofiira bwino n'kuiluma. Anailavula msanga, chifukwa m'kati munali nyerere zokhazokha. Anaiyang'ana, kenaka anayang'ana mwana wawo. M'maganizo anamuona ali m'diresi loyera, akufunafuna khomo mu utsi, waya atam'kola m'khosi.

"Khomani nkhupakupa zanu, alamu. Utoto ndipaka ndekha."

Tizitsulo tija anatipakadi utoto woyera, kamodzikamodzi, akuimba. Tsiku la ukwati palibe mlendo amene anayang'ana kudenga. Onse ankaonerera a Lufeyo akuvina, ndi a Zakeyu amene tsiku limenelo analimba mtima n'kupatsa moni mmodzi wa operekeza mkwatibwi.

Kuchokera pamenepo anthu amati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Tanthauzo lake n'lakuti kuwala kwa kunja kusamatinyenge. Musanasankhe chinthu chimene chidzasunge moyo wa anthu, yambani mwafunsa ngati chingapirire tsiku la moto.