Manda a Chikadza ndi Mawu Akuti Pepani

Kalekale, chisankho chitangodutsa, anthu a pa msika wa Mtalanje anagawikana pakati: ena a chipani cha Nsengwa, ena a Mpini. Moni unatha, ngakhale machesi sankabwerekana. Nkhaniyo inakoka akatswiri atatu akuyunivesite kudzafufuza chomwe chimadanitsa anthu chonchi. Kamowa anali wa zandale, mai Mzumara anali a zamaganizo a munthu, Chimtengo anali wa filosofi. Awiriwo ankamuseka Chimtengo kuti ntchito yake ndi kufunsa "mukutanthauzanji?" basi, ati anamutenga pongodzaza galimoto.

Akatswiriwo ali komweko, kunamwalira kalipentala Chikadza, wa Mpini. Adzukulu okumba manda, onse a Nsengwa, anakana kugwira khasu, ndipo mtembo unayamba kuvuta m'nyumba. Mkazi wake, Nankhoma, anamanga chitenje m'chiuno nati, "Ine sindigwadira munthu. Ndikamukumbira ndekha mwamuna wanga, aone mzimayi akukumba manda!"

Kamowa anamva kuti anyamata a Mpini akufuna kukatula bokosi pakhomo pa Sandalamu, mkulu wa adzukulu. Magazi akanakhetsedwa pamenepo. Sanataye nthawi ndi tcheyamani wa chipanicho, poti kafukufuku wake anali atamuonetsa kuti anyamatawo amamvera mwini galimoto imene inkawanyamula kumisonkhano. Anakalankhula ndi ameneyo, galimoto sinayende.

Mai Mzumara anakakhala pansi ndi Sandalamu. Aliyense ankati mkuluyu wakwiyira mavoti, koma iwo anaona kuti wokwiya sazolika chotero. Anadikira osamudula mawu, mpaka anamasuka. "Mwana wanga wamkazi anamwalira nthawi ya kampeni," anatero Sandalamu. "Ife tikuika maliro, ng'oma za a Mpini zinkamveka kumanda. Palibe anabwera, ngakhale kudzangoti pepani."

Uthengawo utafika kusiwa, a Mpini analusa. "Tipepese chiyani? Tinamupha ndife?" Nankhoma nayenso anakana kwamtuwagalu. Apa Chimtengo, wosekedwa uja, anasendera pafupi.

"Amayi, anthu akhala akulowa muno n'kumati pepani. Kodi ndi iwo anapha amuna anu?"

"Ayi, mafunso anji amenewo?"

"Ndiye kuti mawuwa ali pawiri. Pali pepani wa wolakwa, pali pepani wa wolira nawe. Inu mukukana woyambayo, pomwe a Sandalamu akudikira wachiwiri."

Nankhoma anadzuka ndi misozi yake n'kupita kwa Sandalamu. Sanagwade ngati wamlandu, anakhala pansi monga achitira wobwera pamaliro. "Pepani a Sandalamu, mwana uja." Mkuluyo analira ngati maliro a mwanayo ndi a lero, anatola khasu, ndipo Chikadza anaikidwa tsiku lomwelo.

Pothokoza, Nankhoma anatulutsa mpando womaliza umene mwamuna wake anakhoma, nati autenge amene anakumbitsa mandawo. Mpando unali umodzi, ndipo mukudziwa mmene mipando imapengetsera anthu.

"Popanda ine mukanakumba manda ambiri," anatero Kamowa.

"Bala ndinalipeza ndine," anatero mai Mzumara.

"Munalipezadi," anayankha Chimtengo, "koma anthu anali akukanganabe pa mawu amodzi, mtembo uli m'nyumba. Lero wodzaza galimoto sakhala chete."

Musandiyang'ane ine, mlanduwu sindigamula, ndipo wofuna kundikakamiza achite kundinyamula. Zimandinyansa anthu akamathamangira kuweruza asanafunse kuti mnzawo akutanthauzanji. Nankhoma akadali chiimire ndi mpando m'manja. Tanenani inuyo: aupereke kwa amene analetsa nkhondo, kwa amene anamva kulira kumene ena ankakutcha mkwiyo, kapena kwa amene anafunsa kuti pepani ndi chiyani?