Chitopa pakhomo pa Lipenga

Khalani chete ana inu, munthu ndiyankhule. Padangotero, pakhomo pa mayi wina panali nkhuku zambiri, zonse zomwera madzi paphale limodzi. Mkulu wazo anali Lipenga, tambala wa akazi asanu. Mng'ono wake Kameta, wakhosi lopanda nthenga, analibe nawo ntchito mathadzi. Ankakondana ndi tambala mnzake, Mawanga. Kupalasa limodzi, kugona limodzi. Nkhuku zinkadziwa, zinkangonong'ona.

Tsono kunagwa chitopa. Msoti wina anayamba kusinza dzuwa lili pamutu, khosi nkupindika. Pofika mawa anali atauma.

"Ko-ko-ko, ndi awo!" anatero mathadzi. "Nthenda ya atambala ogonana okhaokha imeneyi. Ndi awo!"

"Ife sitikudwalatu," anatero Kameta.

"Choka," anatero Lipenga, "iwe ndi mwamuna wakoyo. Paphale pano ndisadzakuoneninso."

Awiriwo anasamukira mumtengo wa mango.

Tsiku lachitatu Kameta anapeza mkulu wake kuseri kwa nkhokwe, ali yekha, mapiko ali pansi.

"Achimwene, mwadwala."

"Ndi dzuwa."

"Khosi lanu lapindika, achimwene. Musakamwe paphale, anapiye anu amamwa pomwepo. Tiyeni kumtengo tikakusamaleni."

Lipenga anacheuka uku ndi uku. "Tsitsa mawu! Akamva kuti ndadwala aziti chiyani? Aziti ndine ngati iwe."

"Anene, bola ana akhale moyo."

Lipenga anawongola khosi mokakamiza, nalunjika kuphale. Kameta anathamanga, nakaima kutsogolo kwake.

"Musamwe! Achimwene adwala!"

"Ko-ko-ko, ndi awo!" anatero mathadzi. "Wayamba kunamizira mwamuna weniweni!"

Mathadzi anamujompha pakhosi pake popanda nthengapo mpaka magazi chuchuchu. Ali chigonere m'fumbi, Kameta anaona Lipenga akuviika mlomo m'madzi, dovu likutsika. Anaona anapiye akubwera pambuyo pa bambo awo, akumwa, akukweza timitu.

Sabata isanathe mayi uja ankangotola nkhuku zakufa ndi kukataya kudzala. Kameta anali mumtengo, maso ali pa dengu la anapiye akufa limene mayiyo ananyamula.

"Ife tapulumuka," anatero Mawanga motsitsa mawu.

Kameta anatsatira dengulo ndi maso mpaka kudzala.

Yathera pomwepa. Ine ndaika anthu m'manda chifukwa cha zomwezi, ndipo amene ankaloza chala alipo pamudzi pano, sanapepese. Imvani: mukanena kuti nthenda ndi ya anthu amene mumadana nawo, wodwala amabisala, ndipo imakuthani nonse.