Tsiku Limene Anatseka Chitseko

Panali munthu wina, wokonza njinga pamsika, amene anakulira kwa amalume ake ali wamasiye. Kumeneko akaphika nyama, ana a m'nyumbamo ankadyera mkati chitseko chili chitsekere, iye ali pakhonde kumangomva fungo. Atakula analumbira kuti pakhomo pake sipadzapezeka mwana wodya mnzake akuyang'ana. Lumbirolo analisungadi. Ngakhale nthochi imodzi ankaiduladula mpaka ikwanire ana onse. Anthu akafuna kutchula munthu wosakondera ankatchula iyeyo, ndipo zinkamukoma.

Mwana wake wamng'ono, Tinyade, anamuletsa kuyamwa msanga chifukwa mayi ake anali ndi pathupi pena. Anayamba kumumwetsa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lopanda nsinjiro. Tsitsi la mwana linafiira, mapazi anatupa. Ena ankati wanenepa. Kunenepa kwanji mwana osaseka n'komwe?

Mayi ake, Nangozo, anapita naye kusikelo. Namwino anamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundumitundu kaja, ndipo kanathera pofiira, kusonyeza kuti mwanayo wanyentchera kwambiri. Anawapatsa chiponde cha m'mapaketi, n'kunena momveka bwino: "Mayi, awa ndi mankhwala. Ndi a mwana uyu yekha."

Nangozo atafika kunyumba anafotokoza zonse. Mwamuna uja anayang'ana ana ake enawo ataima mozungulira, maso ali pa paketi, akumeza malovu. Anati, "Nangozo, pano si kwa amalume anga. Bweretsani supuni."

Aliyense analandira supuni yake. Ana a pakhomo loyandikana nawo akabwera ankanyambitako. Tinyade, poti analibe chilakolako cha chakudya, ankalawa pang'ono n'kutembenuza nkhope, ndipo chotsalacho achimwene ake ankamaliza. Nangozo ankadandaula, koma mungatsutse bwanji munthu amene mudzi wonse ukumutama? Palibe mwana ankalira. Pakhomo panali mtendere, koma Tinyade ankangotherathera.

Ulendo wotsatira wa kusikelo, Nangozo anali atalemedwa, ndiye bambo uja anamutenga yekha mwana. Namwino anakulunganso kalamba. Pofiira pomwe paja, mwinanso kuposa kale.

"Bambo, chiponde cha mwana uyu akudya ndani?"

"Timagawana, mayi. Ine pakhomo panga sindikondera." Ananena monyadiratu, chifuwa chili patsogolo.

Namwino sanakalipe. Anangoti, "Gwirani mkono wa mwana wanu."

Anaugwira. Zala zake ziwiri zinauzungulira wonse, malo n'kutsala.

"Chilungamo chanucho mukapitiriza nacho, mwana uyu mumuika m'manda."

Munthu uja anapalasa njinga yake kubwerera kunyumba. Atafika, ana anathamangira thumba monga mwa masiku onse. Iye anawatulutsa panja onse. Anamunyamula Tinyade, n'kulowa naye m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Panja kulira kunayamba. Wamkulu wa anawo anaika pakamwa pa mng'alu wa chitseko, nati, "Ababa, ifenso ndi ana anutu."

Ha! Mawu amenewo ankawadziwa bwino. Anali mawu ake omwe, a pakhonde la amalume ake lija. Mtima unamupweteka koopsa. Anadzuka, dzanja linafika pa chitseko. Kenako anayang'ana mwana ali pamphasa, mapazi otupa aja, ndipo anabwerera n'kukhala pansi. Anamudyetsa pang'onopang'ono ndi chala, akumumwetsa madzi, akumunyengerera, mpaka paketi inatha. Misozi inkatsika, koma sanatsegule.

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, mkucha wakenso. Anthu anayamba kunong'onezana kuti uja wosakondera uja waonetsa mawanga ake enieni. Anamva, ndipo zinamuwawa. Sanadziikire kumbuyo. Enawo ankawakazingira mtedza n'kuwauza kuti cha m'paketicho ndi mankhwala a mlongo wawo.

Mapazi a Tinyade anaphwa. Kalamba kanachoka pofiira. Tsiku lina anamukoka ndevu bambo ake n'kuseka, ndipo Nangozo anathamanga kuchokera kuseri kudzaona, chifukwa kuseka kumeneko anali atakuiwala. Dzina labwino lija silinabwerere lonse. Mwana ndiye anabwerera.

Tsono inu azibambo ndi azimayi, ndimvetseni bwino. Kugawana sindikunyoza ayi, ndi komwe kunatilera tonsefe. Koma ambirife timagawa mofanana kuti tisamve kulira, kutinso anthu atitame, ndiye timati n'chilungamo. Ana anu onse mumawakonda mofanana, koma sikuti onse akudwala. Ngati pakhomo panu pali mwana amene kalamba kathera pofiira, lowani naye m'nyumba, mutseke chitseko. Olira panjawo mudzawapepesa mawa. Koma wa mkatiyo, mukatsegula lero, mudzamupepesa kuti?