Wometa Amene Sankaona Nkhongo

"Alamu, mukuononga mitu ya anthu inu!" Kondakitala wa minibasi anamulasa choncho wometa tsitsi, makasitomala ali ndandanda pabenchi. "Makina ali m'mutu mwa munthu, maso anu ali pa mpira wa pakanema. Ine ndimaona nkhongo za anthu tsiku lonse. Mutu wochokera muno ndimauzindikira: kumbuyo ngati munda wolima woledzera."

Wometayo mtima unawira. "Iwe ntchito yako n'kukuwa pakhomo la galimoto. Unagwirapo lezala? Bambo, mwadandaula?"

"Ayi, zili bwino," anatero bambo wa pampando, akudziyang'ana pagalasi loonetsa kumaso kokha.

"Wamva? Nsanje basi. Tuluka!"

Koma a "zili bwino" aja sankabwereranso. Akasekedwa ndi akazi awo kunyumba, ankangolowa mwakachetechete kwa wometa wa tsidya la msewu. Benchi linayamba kugwira fumbi, mwini wake n'kumati ndi nyengo chabe.

Tsiku lina, popita kukagula malezala, anakwera minibasi ya mlamu wake yemweyo, moni osapatsana, nakhala mpando wakumbuyo. Patsogolo pake panali mutu wodabwitsa: uku dazi, uku chitsamba, mzere wokhota ngati podutsa njoka. Pakamwa panamupulumuka.

"Abale, amene anameta bambo awa amangidwe!"

Mwini mutu anacheuka. "Ndinu, achimwene. Dzulo lija, pamene chigoli chinkalowa."

Minibasi yonse inafa nalo phwete. Kondakitala anangoyang'ana kunja, mapewa akugwedezeka.

Wometa anati akalipe, koma akalipira ndani? Mutu unali pomwepo, ntchito ya manja ake. Nayenso anaseka mpaka misozi.

"Bambo, mubwere mawa ndidzakonze. Alamu, ndagonja. Chinanso chimene mumaona n'chiyani?"

"Makutu," anatero kondakitala. "Mumawacheka."

Madzulo omwewo wometa anapachika kanema uja kumbuyo kwake kuti aziona odikira okha, nagula kagalasi ka m'manja koonetsera kunkhongo. Pang'onopang'ono benchi linadzazanso, mlamu uja n'kukhala woyamba kupereka mutu.

Masiku ano kasitomala akangoti "zili bwino", wometa amamugwira paphewa, osamulola kudzuka.

"Ayi bambo, a zili bwino anatsala pang'ono kunditsekera shopu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Onaninso kumbuyoku, mundiyankhe: ndakhotetsa pati?"