Shehe Mtalika ndi Chikwama cha Mkamwini

M'mawa wina ndili pakhonde la mzikiti ndi mphunzitsi wanga, Shehe Sumaili Mtalika, panafika Twaibu, mnyamata wa m'mudzi mwathu amene anali atangobwera kuchokera ku Joni. Ankapita pamwamba pa phiri la Chaone kukaonekera kwa makolo a mkazi amene ankafuna kukwatira, koma anabwerera panjira. Thukuta linali kamukamu, ndipo chikwama chachikulu chimene anabereka chinkamukokera chagada.

"Asalamu alaikumu, Shehe," anatero atakhala pansi.

"Wa alaikumu salamu, mwana wanga. Paphiri mwatsikapo msanga bwanji?"

"Sindinafike n'komwe. Mapewa akuwotcha, msana ukuthyoka, chikhalirecho chikwamachi n'chapamwamba. Mwina Allah sakufuna ukwatiwu. Kapena pali wina wandichita chipongwe. Ndipemphereni duwa."

"Duwa tipempha," anayankha Shehe akumwetulira. "Koma mungandilole ndione katundu wanuyu?"

Twaibu anavomera. Batire ya sola anali ataimangirira pamwamba penipeni pa chikwamacho. Zigubu ziwiri za mafuta ophikira zinkalendewera kunja pa zingwe, ndipo mapaketi a shuga ankasuzumira m'matumba a m'mbali. M'kati munali bulangete, zitenje, botolo la madzi ndi kamkeka kopempherera basi.

"Zolemerazi mwaziikiranji kunja?"

Mnyamatayo anazyolika. "Kuti anthu a m'njira aone kuti mkamwini sakupita chimanjamanja."

Shehe sanamudzudzule. Anagwada pamkeka, ngakhale anali wachikulire, n'kutulutsa zonse. Bulangete analiika pansi pa chikwama. Batire ndi mafuta anaziika pakati, mbali yogunda msana, n'kuzitchinjiriza ndi zitenje kuti zisagwedere. Shuga anamugawa mofanana uku ndi uku. Pamwamba anaikapo botolo la madzi ndi kamkeka kopempherera.

"Izi ziwirizi mudzazifuna m'njira, zisakhale patali," anatero.

Kenako anamubereketsa chikwamacho, namuuza kuti ayambe wamanga lamba wa m'chiuno asanakoke a m'mapewa, pakuti chiuno chimapirira katundu kuposa phewa.

Twaibu anayenda mpaka pamtengo wa mango n'kubwerera. Anadumpha pang'ono, n'kuyamba kuseka, ifenso tinaseka naye.

"Alhamdulillah, chapepuka. Shehe, mwachotsamo chiyani? Kapena mwawerengapo mawu ena chamumtima?"

"Sindinachotsemo ngakhale paketi imodzi, ndipo duwa ndipempha mukanyamuka," anatero Shehe. "Katundu ndi yemwe uja. Cholemera ukachipachika kunja kuti anthu achione, chimakukokera kumbuyo phazi lililonse. Ukachibisa m'kati, pafupi ndi thupi lako, chimayenda nawe limodzi. Zabwino zimene timachitira anzathu zimalemeranso chimodzimodzi. Kwerani, mwana wanga, mukamasule chikwamachi m'nyumba mwa apongozi anu. Anthu a m'njira sadya nawo shugayu, ndipo Allah amaona za m'kati mwa chikwama chisanatsegulidwe."